Ulendo wa Kachewere pa Thabwa la Ababa

Lolemba, 7 Julyo

Kaderno uyu ndi wa Mayi Joakina, wolembamo mayina a ana. Kumbuyo kuli masamba ambiri opanda kanthu. Ndikulembamo ine kuti ndisaiwale zochita.

Mayi Joakina ndi amene amaphunzitsa ana a gulu laling'ono kutchalitchi kwathu. Apita ku Furancungo kukasamalira mwana wawo amene wabereka. Dzulo titaweruka, akulu a mpingo a Bizeki anandikodola ndi dzanja. "Iwe ndiwe wofatsa, ana awa uwagwire ndiwe." Ndinafuna kukana. Pakamwa sipanatseguke. Iwo anati, "Pronto, wavomera."

Ana alipo asanu ndi anayi. Lamulungu likudzali ndi tsiku la ana, ndipo gulu lililonse liyenera kuonetsa kanthu kutsogolo. Mayi Rozalina, a gulu lalikulu loimba, anena kale pamaso pa a Bizeki kuti, "Akalephera, anawo abwere kwanga basi, ndikusowa owomba m'manja." A Bizeki anagwedeza mutu.

Ayi! Ine ndinakulira m'gulu la Mayi Rozalina. Mwana wa mawu ochepa amamuimika kumbuyo, n'kumamutsina khutu kuti akweze. Zaka zisanu ndinkangoyendetsa milomo. M'gulu langali muli Fatima, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene chibwerere sanayankhulepo m'tchalitchi. Sapita kumeneko. Ana awa ndiwasunga mpaka mwini wake abwere.

Vuto ndi limodzi: sinditha kuyankhula kutsogolo kwa anthu. Ndili kwarta kilasi, kalasi yachinayi, anandiimika kuti ndiwerenge, ndinangoima mpaka belu linalira.

Ndiye nzeru ndi iyi. Tipanga jogo, masewera oyenda pathabwa, ngati ija ndinaona ana a namwino akusewera papepala ku Tsangano. Uponya dado, kamtengo ka madontho owerengera, uyenda zipinda, pena ugwa m'tsoka n'kubwerera m'mbuyo. Yathu idzakhala ya munthu wonyamula kachewere kuchoka kudimba kupita kumsika. Lamulungu ana adzasewera kutsogolo, anthu adzaona okha. Thabwa lidzayankhula, ine ndidzangoligwira. Nzeru zimenezi!

Zofunika:
thabwa
chingwe ndi makala zolembera mizere
phale la botolo lopalira
kamtengo ka pichesi kosemapo dado
nyemba zamitundumitundu, aliyense yake
mtima

Thabwa lapezeka! Ndi la Ababa, la mlombwa, lochindikala zala zitatu, kutalika kuchoka paphewa kufika kumapeto a zala. Anabwera nalo pamutu kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, akuti adzapanga tebulo. Ndabadwa, ndakula, tebulo sinaoneke. Lakhala kudenga zaka zonsezi. Ndapempha kudzera mwa Amayi. Ababa ayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Ukungobwereka. Libwere lamoyo."

Ndayeza ndi chikhatho. Mukukwana mizere inayi, uliwonse zipinda zisanu ndi zitatu. Zonse 32. Njira izikhota ngati ya kuphiri.

Mawa tiyamba.

Lachiwiri, 8 Julyo

Kukuzizira, chifunga mpaka dzuwa pamutu. Ana afika katorze ora, 2 koloko masana, atachoka ku shikola. Onse asanu ndi anayi!

Kupala thabwa ndi phale la botolo, ngati mpini wa khasu. Ovulala: awiri, pang'ono. Olira: mmodzi, amene sanavulale. Thabwa lasalala ngati tsaya. Ababa adutsa kawiri pakhonde akusuzumira thabwa lawo.

Mizere yatheka. Umodzi wapendekeka chifukwa wogwira chingwe anali kukanda mwendo. Palibe kanthu.

Tsopano zipinda za tsoka. Ine ndinakonzeka kale: mvula yagwa, dikira. Mlatho wakokoloka, bwerera. Ndawerenga motsitsa. Telezinya, wamkulu m'gulu, wa zaka khumi ndi chimodzi, pakamwa ngati wailesi, wakwinya mphuno. Ana amanditcha Mana, ngati kunena kuti achemwali. "Mana, zimenezo n'zozizira. Mvula ilibe dzina."

Kenako ana onse pakamwa pamodzi. Zimene anena:

Chipinda 5. Mota ya a Bizeki, njinga yamoto ija, yafera pachitunda. Tsika ukankhe. Dikira kamodzi.
Chipinda 11. Waika kachewere wamkulu pamwamba pa ndowa, timing'alu pansi, ngati Mayi Rozalina. Wogula wakhuthula. Bwerera kasanu.
Chipinda 17. Wakwera ngolo ya a Siliro. Ng'ombe zaima zokha pakhomo pa kachasu. Dikira kawiri.
Chipinda 22. Shapa, kaminibasi kaja, yadzaza, akuika thumba lako pamwendo pa agogo. Pepesa, bwerera kamodzi.
Ndi zina zotero, zonse khumi ndi ziwiri, zonse ndi mayina a eni ake.

Ndaseka mpaka misozi, nkhope ndabisa m'chitenje. Ndiyeno ndafunsa kuti tichotse mayina. Telezinya akuti, "Nanga ndani sakudziwa?" Zoona, palibe.

Ndimafuna kulimbikira. Koma pamenepo Fatima wandikoka chitenje, n'kunong'ona: "Ababa anu amagona m'tchalitchi." Fatima! Wayankhula! Mawu anayi athunthu! Ndingakane bwanji? Ababa alowa m'chipinda 30, kukwanitsa khumi ndi ziwiri zija. Wagona pa ulaliki, msika watha, bwerera poyambira.

Zovuta:
makala akufufutika ndi mkono wa juzi
lapi, pensulo uja, sakuoneka pa mlombwa
tinta yopentera zilembo tilibe

Ndaganiza ndekha. Msomali waukulu, kuuika pamoto mpaka ufiire, kuugwira ndi chisanza chonyowa, n'kulemba powotcha. Ana akupemerera moto, ine ndikulemba. Zilembo zikulowa mkati bwinobwino, zakuda, zokongola. Izi ngakhale mvula ya Janero singazifufute. Ndapsa chala chimodzi. Utsi wa mlombwa ukununkhira.

Dado wasemedwa. Ali ndi mbali zisanu ndi imodzi, ngakhale kuti amakonda kugwa pa 2.

Ntchito yagwirika! Lamulungu sinditsegula pakamwa.

Lachitatu, 9 Julyo

Tayesa jogo. Ikutheka! Ikutheka zedi! Ana akukuwa, akulumpha, wina wagwa pampando. Fatima wafika kumsika woyamba ndi nyemba yake yamawangamawanga. Sanakuwe, koma wamwetulira mano onse. Nkhuku yadya nyemba ya mwana wina ali pachipinda 28, tagwirizana kuti akuba amulanda katundu.

Kulakwa kwanga: sindinawauze kuti asakanene. Dzulo anapita kwawo akuimba njira yonse, "Mota ya a Bizeki yafa, tsika ukankhe!"

Dzuwa litapendeka, a Bizeki afika. Akukankha mota. Thukuta kumaso ngakhale kuzizira konseku. Ana asendera kumbuyo kwanga. Aimika mota, avala magalasi, awerama pathabwa. Awerenga chipinda 11, aseka. Chipinda 17, aseka mpaka kutsokomola. Abwerera m'mbuyo ndi chala, afika pa 5. Kuseka kwatha.

"Mota yanga siifa. Imapuma."

Ndagwada, ndayang'ana pansi.

"Ichi chichoke. Zinazo n'zabwino, zikuphunzitsa."

Atenganso dado n'kumuzunguza m'manja. "Ndipo aka ndi ka juga, sikalowa m'nyumba ya Mulungu." Aika m'thumba la jekete. Ponyamuka mota yakana. Ana onse asanu ndi anayi akankha mpaka kumsewu, palibe amene waseka mpaka itapita.

Ndayesa kupala chipinda 5 ndi botolo. Ayi ndithu. Zilembo zalowa kwambiri, ndinazilowetsa ndekha. Mchenga, ayi. Mpeni wa Amayi wapindika. Ababa ayang'ana, apumira m'mwamba, atenga kasemasema kawo kakang'ono kosemera zipande. Kho, kho, kho. Mota yachoka. Patsala kadzenje kozungulira ngati kambale ka mchere. "Thabwa langa lalumidwa," atero Ababa. Mwamwayi maso awo saona bwino patali, ndipo pa 30 ndinakhazikapo chigongono.

Osadandaula. Kadzenje kamodzi si kanthu. Tanena kuti ndi dzenje la pamsewu, ukagwamo udikira kamodzi. Zikugwirizana ndi msewu wathu.

M'malo mwa dado: zitsekerero za mabotolo zinayi. Uponya, uwerenga zimene zagada. Telezinya wakazitola kuseri kwa nyumba ya a Siliro. Ndazikwecha pamwala kuti a Bizeki asadziwe kuti zinali za botolo lanji.

Zipinda zamoyo: 31. Tipitirira!

Lachinayi, 10 Julyo

Sindinasese n'komwe pabwalo, Mayi Rozalina ali pakhomo, ndowa pamutu. Moni palibe. Atula, akhuthula kachewere yense pansi. "Taona! Taonani nonse! Kamng'alu kali kuti?" Zoona, yense wamkulu, wina ngati mutu wa mwana. Amayi akupepesa. Ine ndikutola kachewere m'fumbi, kubwezera m'ndowa. Telezinya anali kudutsa ndi yunifomu, waima pampanda. "Imeneyo ndi ndowa ya umboni, ya kumsika yatsala kunyumba." N'kuthawa.

Mayi Rozalina andiloza ndi kachewere. "Lamulungu tidzaonana. Ana amenewa ndidzawaongola ine."

Chipinda 11: kho, kho, kho.

Atangochoka, kwabwera akazi a a Siliro. Iwo sanakalipe, angokhala pamphasa n'kunena motsitsa kuti amayi awo, apongozi a a Siliro, akubwera ku tsiku la ana. Ndamva chisoni. Chipinda 17: kho, kho, kho.

Masana a Siliro eni ake afika ndi ngolo, chipewa m'manja. "Ndamva kuti ng'ombe zanga zili pathabwa, ndabwera kudzaziona." Ndaloza kadzenje. Akhumudwa! "Mwazichotseranji? Ng'ombe zanzeru chonchija, zodziwa njira popanda chikwapu?" Akhala pansi, apempha nyemba, asewera ndi ana kawiri. Kawiri konse Fatima wawagonjetsa. Pochoka anali kusisita kadzenje ka ng'ombe zawo ndi chala, akuyang'ana thabwa mwachilendo. Sindikudziwa chimene amaganiza.

Ena amene abwera lero:
amayi a galu woba mazira (akuti galu ndi wa mlamu wawo)
bambo wa sikelo yonama (angoloza ndi ndodo)
agogo a m'shapa (akuti thumba silinali la kachewere, linali la makala, tikonze kapena tichotse)
mnyamata wofunsira mbeta zitatu mudzi umodzi, pamodzi ndi mbeta ziwiri

Aliyense amawerenga za anzake n'kuseka, akafika pa chake nkhope igwa. Aliyense akuti zinazo zisiyeni.

Ababa akhala akusema tsiku lonse, kudimba sanapite. Kusema kwawafikitsa kumzere womaliza. Ndinali kutunga madzi, chigongono changa panalibe. Ndabwera ndapeza thabwa aliyandikitsa pamphuno.

"Ine sindigona. Ndimapemphera motseka maso."

Amayi kukhitchini: "Ndi mkonono womwe?"

Dzenje la pa 30 ndi lakuya kuposa onse. Pang'ono kuboola.

Zipinda za tsoka zonse khumi ndi ziwiri zatha. Zamoyo: 20. Jogo yopanda tsoka ndi kungoyenda, ana ayamba kuyasamula. Koma sindigonja. Mawa tilemba zabwino zokhazokha. Pa zabwino palibe amene angakwiye.

Ndipo mawa ndiphunzira kunena kuti ayi.

Lachisanu, 11 Julyo

M'mamawa kudimba. Ndathirira, kenako ndaima kutsogolo kwa kabichi. "Ayi." "Ayi, pepani." "Ayi, thabwa ndi la ana." Ndanena kakhumi. Kabichi sanatsutse. Ndikumva mphamvu!

Ndabwera ndapeza azakhali a Delfina, alongo awo a Ababa, atakhala pakhonde, milomo itatalika. "Mudzi wonse uli pathabwa, ine ndine mlendo? Ngakhale galu wa eni ake walembedwa!" Ndafotokoza motsitsa kuti onse achotsedwa. "Koma analembedwapo!" Akufuna chipinda chawo: wadya mandasi a a Delfina, wapeza mphamvu, pita patsogolo kasanu.

Izi zikugwirizana ndi maganizo anga a dzulo, ndiye uku si kugonja. Msomali pamoto.

Mbiri yathamanga kuposa shapa. Pofika nthawi yoweruka ana, pabwalo pali mzere ngati kuchigayo. Amene alembedwa lero:
mandasi a azakhali
bambo wokonza njinga, amene akuti sachedwetsa munthu
mayi wa tomato
aphunzitsi opuma ntchito, amene afuna chipinda chomaliza chenicheni, ndipo andikonza zilembo ziwiri
mbuzi ya wina, imene inabereka atatu
ng'ombe za a Siliro kachiwiri, tsopano zikukunyamula ulere
ndi ena atatu

Ana alibe polowetsa mawu. Angopemerera moto. Ndapsa chala chachiwiri. Fatima wakhala kumbuyo kwanga, nyemba yake m'manja, akudikira kuti tisewere.

Ndiyeno Mayi Rozalina. Ndinaiwala! Iwonso amagulitsa mandasi, pafupi penipeni ndi azakhali. Awerenga, agwira m'chiuno. "Ndiye anga ndi miyala?" Azakhali: "Mwanena nokha." Zayambika. Wokonza njinga wina wa kutsidya wamva, wabwera ndi sipanala m'manja. Amayi a tomato alipo anayi m'mudzi muno, sindinawerenge. Mwini mbuzi ina akuti yake inabereka atatu kawiri.

A Bizeki afika wapansi. Amva mbali zonse, aweruza: m'nyumba ya Mulungu mulibe kukondera, alembedwe onse kapena achotsedwe onse. Onse sangakwane. Atembenukira kwa ine. "Sichoncho, mwanawe?"

Nayi nthawi yanga. Ndapuma mpweya wambiri. Ndakumbukira kabichi. Ndatsegula pakamwa.

"Eya, abambo."

Eya! Ndi pakamwa panga pomwe!

Kho, kho, kho, mpaka nkhuku kulowa. Ababa sakudandaulanso za thabwa. Akuimba kamluzu, ndipo maenje awo akukongola, ozungulira mofanana. Akumayeza ndi chibakera.

Zamoyo: 11. Telezinya wafunsa, "Mana, Lamulungu tidzaonetsa maenje?" Ndati tidzaonetsa jogo. Yaifupi, koma jogo. Zipinda khumi ndi chimodzi, mvula, matope, mlatho, zopanda dzina la munthu ngakhale la mbuzi. Maenje tizingowalumpha.

Thabwa ndalibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Palibe amene wandiona, kupatula Ababa amene anandigwirira makwerero.

Loweruka, 12 Julyo

Ndondomeko ya lero:
m'mawa kukasesa ndi kuzira m'tchalitchi ndi amayi
masana kulemba zipinda 11
kuyeserera katatu
kuuza ana asambe mapazi
osayankhula ndi wamkulu aliyense

Kutchalitchi Mayi Rozalina akuyeseza gulu lawo panja. Mawu mpaka kuphiri. Ndaona asiya mpata kumzere wakumbuyo, malo a anthu asanu ndi anayi. Andiona ndikuyang'ana, amwetulira. Ndazira pansi mwamphamvu mpaka dzanja kutupa.

Ndabwerera kunyumba ndi tsache m'manja. Ndikadali kumpanda ndikumva: kho, kho. Kenako tsekeretsekere, ngati nyemba zikugwa m'mbale.

Pansi pa mpichesi pali Ababa, a Siliro, a Bizeki, ndi abambo ena asanu ataimirira mozungulira. Pakati pali thabwa langa. Zipinda zamoyo: palibe. Maenje 32, mizere inayi, uliwonse asanu ndi atatu. M'maenjemo muli nyemba za Amayi za mbewu.

Bawo! Ndapanga bawo! Sabata yonse ndakhala ndikupanga bawo osadziwa! Mizere inayi ya zipinda zisanu ndi zitatu ndinayeza ndekha ndi chikhatho changa Lolemba!

Ababa osadzutsa mutu: "Linkaoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba, apa dzino apa palibe. Tangolilinganiza."

A Siliro: "Ine ndinaona kale Lachinayi. Mwana uyu ali ndi mutu."

Ndipo akukangana. Ababa anaphunzira bawo ku Malawi nthawi ya nkhondo, a Siliro sanachoke kuno, aliyense akuti mnzake akuyenda molakwa. "Kumeneko kunali kothawira, sikunali kophunzirira!" "Inu munaphunzira ndi anyani kuphiri!" A Bizeki akuweruza, kwinaku akudikira kuti wogonja awapatse malo. Dado ndi juga, koma izi akuti ndi masamu.

Ana afika, aima kumbuyo kwa akuluakulu, akusuzumira m'mipata ya miyendo. Palibe wawapatsa malo. Mwana sauza akulu kuti dzukani. Mtsikana ngati ine, kunena kwa abambo asanu ndi atatu, mmodzi wondibereka, wina mkulu wa mpingo?

Ndayesa. Ndagwada chapatali. "Ababa."

"Dikira, ndikudya nyumba ya a Siliro."

Ndadikira. Mawondo achita dzanzi. Nyumba ya a Siliro yadyedwa, ayambanso ina. Amayi atulukira za nyemba zawo, iwo ndiye ayankhula, mudzi wonse wamva, koma abambo angosintha n'kuika timiyala.

Telezinya akuti tijambule papepala. Kaderno ndi wa eni ake, ndipo pepala anthu a kumbuyo sangalione. Wina akuti tiimbe. Tayesa kuseri kwa khola. Mbuzi zathawira kukona.

Fatima wandikoka chitenje. "Mana, mawa tipita kwa Mayi Rozalina?"

Ndati ayi. Kwa iye ndatha kunena, ndipo yatuluka bwinobwino.

Abambo atabalalika kukadya, ndanyamula thabwa, ndakhuthula timiyala, ndaliika pansi pa mphasa yanga. Ndikhalapo mpaka mawa ngati nkhuku yofungatira. Mawa ndilinyamula ndekha, ndikaima nalo kutsogolo, ndikafotokoza ndi pakamwa panga zimene tinafuna kupanga. Ndalemba mawu ake, mizere isanu ndi umodzi. Ndawaloweza. Ndawanena kwa mphaka kasanu.

Nditha. Ndiyenera kutha.

Lamulungu, 13 Julyo

Zatha. Ndilembe mwadongosolo.

Tchalitchi chodzaza, ena pamawindo. Anthu amva za thabwa mpaka midzi ya kutsidya. Gulu la Mayi Rozalina laimba nyimbo zitatu, malata kunjenjemera. Kenako a Bizeki: "Gulu laling'ono."

Tapita kutsogolo, ine ndi thabwa pachifuwa, ana asanu ndi anayi mapazi oyera. Ndatembenuka. Maso! Maso okhaokha mpaka kukhomo. Mizere yanga isanu ndi umodzi yauluka yonse.

"Tafotokoza, mwanawe."

Ndati, "Ili ndi thabwa."

Anthu adikira. Inenso ndadikira. Wina watsokomola. Kamwana kalira kumbuyo. Palibe china chatuluka. Ndaona Mayi Rozalina akusendeza ana awo kuti mpata uja ukule.

Pamenepo kadzanja katambasuka pansi pa chigongono changa. Fatima. Walowetsa chala m'dzenje lachisanu, n'kunena ndi mawu ang'ono koma omveka mpaka kuguwa: "Apa ndi pamene mota ya a Bizeki imapumira."

Tchalitchi chaphulika.

Sindinaganizepo. Zilembo tinasema, koma ana anaziloweza kalekale. Telezinya watenga ulaliki, dzenje ndi dzenje, ana ena akuvomereza ngati korasi. Apa ndowa ya Mayi Rozalina, wamkulu pamwamba. Apa ng'ombe za a Siliro, ndipo a Siliro aimirira n'kuweramira anthu, apongozi awo ali pompo. Apa galu, apa sikelo, apa mbeta zitatu, apa mandasi, apa panali mbuzi. Onse amene analembedwapo kanthu, osalumpha ngakhale limodzi. Zimene zikanaoneka ndi a kutsogolo okha zikanakhala zolembedwa, zamveka mpaka kwa oima pamawindo. Pa dzenje 30 anthu onse atembenukira kwa Ababa. Anali maso. Koyamba chaka chino.

Ine ndangogwira thabwa. Ndiye kuti zimene ndinakonza Lolemba zachitika ndithu.

Titaweruka, a Bizeki afunsa Mayi Rozalina za ana aja. Ayankha mudzi wonse ukumva: "Amenewo? Kwanga asaponde! Asunge yekha akazitape akewo!"

Zotsatira:
ana ndi anga
Mayi Joakina atumiza mawu kuti akhala ku Furancungo mpaka mvula, ndiye ndi anga nthawi yaitali
a Bizeki akuti anthu anabwera ambiri, choncho gulu laling'ono lizionetsa kanthu mwezi uliwonse, ndipo ndizifotokoza ine
azakhali sakundiyankhula, akuti mandasi awo anatchulidwa mothamanga
thabwa lapita pansi pa mpichesi, sindidzalionanso pafupi
Ababa akuti labwera lamoyo kuposa mmene linapitira, za tebulo asiya

Chabwino. Ndilibenso mphamvu zolimbana.

Madzulo ano ana abwera okha osaitanidwa. Ajambula jogo pansi ndi kamtengo, kuseri kwa khola kumene akulu safika. Zipinda zonse zabwerera, ndi mayina omwe. Pansi sipafuna kasemasema, wamkulu akatulukira ungopondapo.

Ndawerenga zipinda, zilipo 33. Ndafunsa chatsopanocho. Onse ayang'ana kumbali. Telezinya wanena mothamanga: "Waima kutsogolo ngati Mana, wati ili ndi thabwa, mawu atha. Dikira katatu." Phazi lake linali kale m'mwamba. "Tifufute?"

Ndaganiza za a Bizeki, za ndowa ya umboni, za dzenje la Ababa.

Ndati ayi.

Andipatsa nyemba yoyera. Ndaponya zitsekerero, ndayenda bwino, ndalumpha mota, ndalumpha ng'ombe, msika uli pafupi. Kenako ndagwera m'chipinda changa chomwe. Fatima wandiwerengera mokweza.

Ndadikira katatu.